Akazi anga ali mu minibasi, ine ndikuwatsatira pa njinga yamoto

Aphungu,

Ndine bambo wa ku Area 25, cha kufupi ndi msika wa Nsungwi, ndipo ndimagwira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu pa kampani ina ya fodya ku Kanengo. Ndili pa banja, tili ndi ana atatu. Tsamba lanu sindiliphonya, ndipo ndimaona kuti anzanga ambiri amakulemberani za zibwenzi zamseri ndi apongozi ovuta. Langa ndi vuto la mphepo. Musaseke msanga, chifukwa mphepo imeneyi yatsala pang'ono kundilanda chinthu chimene ndinachilakalaka kuyambira ndili mnyamata, ndipo m'banja mwanga yalowamo kale.

Chaka chatha kampani yathu inagulitsa njinga zamoto zakale zimene alangizi a fodya ankayendera m'midzi, ndipo ine ndinapata imodzi. Ndi yaing'ono, yofiira, yopanda galasi kutsogolo kapena chotchinga chilichonse. Ili ndi nyali, mahandulo, thanki, mpando ndi kaliyala, basi. Zipsera ili nazo zambiri, koma injini yake ndi yomvera, kungoponda kamodzi yalira. Tsiku limene ndinafika nayo pakhomo, laini yonse inatuluka kudzaona, ndipo akazi anga, amene muno ndiziwatchula kuti mayi a Rejoice, analuluta atanyamula chipande m'manja.

Anali ndi chifukwa cholulutira. Kwawo ndi ku Mponela, ndipo tili pa chibwenzi ndinkawakweza pa kaliyala wa njinga yakapalasa, atakhala chammbali monga amakhalira amayi onse, miyendo mbali imodzi, dzanja litagwira masipuling'i a chishalo. Tsiku lina ndili wefuwefu pa chitunda ndinawalonjeza kuti ndidzawabweretsa kwawo pa njinga yosafuna kupalasa. Iwo anaseka nati, "Inu ndi malonjezo, tapalasani tikafike." Zinanditengera zaka zambiri ndi imvi zingapo, koma njingayo ndinaipeza.

M'tauni muno palibe vuto ngakhale pang'ono. Kutchalitchi timapita bwinobwino, ku Kawale kwa achemwali anga timafika, ku chigayo ndiye osanena. Mayi a Rejoice amakhala chammbali ngati kale lija, chitenje chili bwino, dzanja limodzi pa kaliyala, lina litafumbata kachikwama. Ndinawauzapo kamodzi kuti azindigwira m'chiuno, koma anandiyankha kuti, "Bambo a Rejoice, ndikukumbatireni pamsewu masana, amayi a kumpingo akuona? Ndine mtsikana ine?" Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ndangoitchula kuti mudziwe kuti ndi mayi wodzilemekeza.

Mavuto anayamba mwezi wa Juni, pamene tinaganiza zokaona apongozi ku Mponela. Unali ulendo wathu woyamba pa msewu wa M1, ndipo ndinakonzekera ngati munthu wanzeru. Kunja kunkazizira, choncho ndinavala chijasi changa cha pa kaunjika, chija chofika m'mawondo chimene mabatani ake awiri anathothoka. Chisoti ndili nacho chimodzi chimene chinabwera ndi njinga, chopanda galasi kumaso, ndipo ndi chachikulu pang'ono moti chimagwedera. Mayi a Rejoice ndinawabwerekera chisoti chachikasu cha pulasitiki chimene timavala kuntchito, anachivala pamwamba pa duku. Pa kaliyala ndinamanga katoni ya shuga, sopo, mchere ndi buledi, pamwamba pake chikwama cha zovala, ndipo jumbo ya usipa ndinaikoleka pa handulo la kumanzere. Mnzanga wina wa kuntchito anali atandilangiza kuti ndiphwetseko matayala kuti azigwira bwino msewu, ndipo ndinaphwetsa ndithu.

Aphungu, titangodutsa Kanengo n'kuwonjezera moto, ndinadziwa kuti mphepo ya m'tauni ndi yocheza nayo. Iyi inandimenya pachifuwa, inalowa m'manja mwa jasi, ndipo chijasi chonse chinafufuma mpaka ndinakhala munthu wonenepa kawiri. Chisoti chinayamba kukwera m'mwamba, lamba wake n'kumandikoka pakhosi. Misozi inkangoyenderera cha m'makutu, m'makutumo muli phokoso lokhalokha. Ndinagwira mahandulo ndi mphamvu zanga zonse, manja ali tolotolo osapinda, poopa kuti mphepo ingandichotse pampando.

Ndiye kunabwera mathiraki. Inali nyengo ya okushoni, ndipo mathiraki a mabelo a fodya ankatsika kuchokera kumpoto motsatizana. Thiraki iliyonse ikamatipitirira, njinga inkakankhidwira kumanzere, kenako n'kukokedwera kumanja, ngati pali munthu akuiseweretsa. Tikuyandikira Lumbadzi mahandulo anayamba kunjenjemera okha, ine kuwalimbitsa, iwo kunjenjemera kwambiri. Muyenera kudziwa kuti mayi a Rejoice akachita mantha sakuwa. Amaimba. Ndinangomva kumbuyo kwanga nyimbo ija timaimba potsitsa bokosi kumanda, akuimba motsitsa, ndime ndi ndime, osalumpha ngakhale imodzi. Pamene tinkafika ku Mponela anali ataimaliza n'kuyambanso ina.

Pakhomo pa apongozi ndinalephera kupereka moni wa m'manja, zala zinali zitauma mopindika. Khosi silinkatembenuka. Mlamu wanga wamng'ono, Dyna, anandiuza mwaulemu kuti ndili ndi kachilombo pa dzino. Chisoti chachikasu chija sitikudziwa pamene chinatsikira, mayi a Rejoice anafika ndi duku lokha. Pobwerera mayi a Rejoice sanakwerenso njinga. Anatenga thumba la chimanga limene anatipatsa apongozi, anakwera nalo minibasi, ine ndinabwerera ndekha.

Sindine munthu wogonja msanga. Ndinaona kuti njinga zikuluzikulu za apolisi operekeza akuluakulu zili ndi galasi kutsogolo, ndiye ndinati yankho ndi limeneli. Ndinapita ku Mgona kwa a Lajabu, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, amene amandikonzera zinthu zambiri pakhomo. A Lajabu sadziwa mawu akuti sizingatheke. Anadula lata, analipinda pang'ono, anaboola zenera pakati n'kumatapo pulasitiki yoonekera, ndipo chonsecho anachimangirira ku mahandulo ndi mabawuti. Chinali chachitali kupitirira mutu wanga. Mwa kukoma mtima kwawo, analembapo ndi penti yoyera mawu akuti MPHEPO PEPANI, ndipo pa zolembazo sanandilipiritse.

Ndinakachiyesa Loweruka m'mawa, ndekha, kulowera ku mphambano ya ku bwalo la ndege. Poyamba zinali bwino zedi, pachifuwa panalibe mphepo, ndinayamba kuimba mluzu. Kenako kunabwera thiraki. Mphepo yake inagwira lata lija, lata linatembenuza mahandulo, ndipo njinga inasankha yokha kopita. Ndinapezeka ndili m'munda wa munthu, pakati pa mapesi. Mulungu ndi wabwino, chimanga anali atakolola ndipo dothi linali lofewa, ndinangosupuka bondo. Mwini munda anandithandiza kudzutsa njinga, anawerenga mawu a pa lata aja, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi pa mzere. Lata lija pano lafolera khola la nkhuku, koma dzina linatsala. Ku Kanengo konse, kuyambira alonda mpaka abwana, akunditchula kuti a Mphepo Pepani.

Zimenezo ndikhoza kupirira. Chimene chikundiwawa ndi ichi. Tapitanso ku Mponela kawiri, ndipo maulendo onsewo mayi a Rejoice anakwera minibasi, ine ndikutsatira pambuyo ndikumwa utsi. Amakhala mpando wa kumbuyo n'kumandibayibitsa pa zenera. Makondakitala a pa siteji atizolowera, akangowaona amafunsa kuti, "Mayi, alonda anu lero ali kuti?" Anthu amaseka, nanenso ndimaseka nawo, koma mumtima mwanga simukhala chiseko. Njingayi sindinagulire kupita kuntchito, ku Kanengo ndikhoza kuyenda wapansi. Ndinagulira ulendo wa ku Mponela, tili awiri.

Tsopano pali a Abdullah, amene amagulitsa misomali ndi zitsulo ku Nsungwi. Ayamba kubwera Lamulungu lililonse kudzatipatsa moni, koma moniwo amaupereka akuyang'ana njinga. Amaizungulira, amaigogoda thanki, amafunsa ngati imadya mafuta ambiri. Mayi a Rejoice amawapatsa mpando ndi tiyi. Sabata yatha akazi anga anandiuza mosapsatira mawu kuti, "Ngati njinga yanuyo singandifikitse kwathu mtima uli m'malo, ndi ya chiyani? Ine sindikufuna kukhala wamasiye chifukwa cha mphepo. Muwapatse a Abdullah." Ndinawachonderera, ndipo tinagwirizana chinthu chimodzi. Mwezi wa Ogasiti kuli chinkhoswe cha Dyna ku Mponela. Mayi a Rejoice akuti pa ulendo umenewo adzakweranso njinga kamodzi kokha. Njinga ikakagwedezeka ngati paja, adzatsika pa Lumbadzi, ndipo tikabwerako a Abdullah adzaitenga. Ndinavomera, ndipo ine mawu anga sindibweza.

Ndithandizeni, Aphungu. Kodi galasi lenileni lalikulu ndingalipeze kuti mu Lilongwe muno? Mnzanga uja wa matayala akuti tsopano ndimange thumba la mchenga pamwamba pa nyali kuti kutsogolo kulemere. Kodi nditero? Kapena njinga zopanda galasi sizinapangidwire msewu waukulu, ndingovomereza kuti lonjezo langa linathera pa Lumbadzi? Ndikuopa kutaya njinga, koma kwambiri ndikuopa kuti akazi anga asiya kundikhulupirira ndikakhala kutsogolo.

G.C., Area 25, Lilongwe

*

Bambo G.C.,

Mwati ndisaseke msanga, ndipo ndinayesetsa. Ndinagwira mtima mpaka pa nyimbo ya kumanda, koma pa MPHEPO PEPANI ndinagonja. Pepani inunso. Tsopano pukutani misozi, chifukwa njinga yanu ilibe mlandu, ndipo a Abdullah akhoza kupitiriza kugulitsa misomali.

Mwalembera munthu woyenera. Ndisanayambe kukhala pa mpando uno ndinali mlangizi wa amayi m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi, ndipo ndinkayenda pa njinga yonga yanuyo, yopanda galasi, dzuwa ndi mvula. Msewu wa ku Mponela ndimaudziwa ndi mathiraki ake omwe. Njinga yotere imafika kulikonse, koma simalola kuti muikweze zinthu zogwira mphepo. Inu munaikweza chijasi, katoni yosanjikiza, jumbo ya usipa, kenako chitseko cha lata. Mukanangowonjezera nsalu mukanauluka.

Choyamba, mnzanu wa kuntchitoyo muzimukonda, muzidya naye, koma pa nkhani ya njinga musamumverenso. Tayala lophwa siligwira msewu, limapotokapotoka ndi kutentha, ndipo kunjenjemera kwa pa Lumbadzi kuja kunayambira pamenepo. Pitani pa malo omwetsera mafuta pamene pali choyezera mpweya, mupope monga mmene zinalembedwera pa njingayo kapena m'buku lake, ndipo mukakweza munthu tayala lakumbuyo limafuna mpweya wochulukirapo. Kufinya tayala ndi chala si kuyeza. Za thumba la mchenga pa nyali, ndikupempheni kuti tisadzazitchulenso.

Mukachoka pamenepo pitani kwa makanika wa njinga zamoto, ku Biwi aliko ambiri. Njinga imene yayenda zaka m'misewu ya kumidzi imakhala itamasuka m'malo angapo. Akaone mabering'i a pakhosi pamene mahandulo amatembenukira, a m'mawilo, masipoko ngati ali olimba mofanana, ndiponso ngati wilo lakumbuyo lili pa mzere umodzi ndi lakutsogolo. Akaone tcheni ndi mabuleki. Masipuling'i akumbuyo ali ndi pokweza ndi potsitsa, muwauze awalimbitse chifukwa muzikhala awiri. Kumbuyo kukatsikira pansi, kutsogolo kumapepuka, ndipo wilo lopepuka ndi limene limavina.

Katundunso amachita chimodzimodzi. Chilichonse cholemera chimene mwamanga m'mwamba kumapeto kwa kaliyala chimanyamula wilo lakutsogolo, ndipo chilichonse cholendewera pa handulo chimakuwongolerani njinga. Pa ulendo wa chinkhoswe, shuga, mphatso za Dyna ndi zovala zosinthira muzitumize pa minibasi ndi wachibale. Makondakitala aja akufuna chonyamula, apatseni katoni. Njinga inyamule anthu awiri basi.

Tibwere pa inuyo. Chijasi cha mabatani othothoka chisiyeni pakhomo, ndi cha kumaliro. Pezani jekete lokukwanani bwino, lolimba, la zipi yofika pakhosi ndi manja othina, la pa kaunjika lomwelo likhoza. Kukazizira, pindani nyuzipepala muiike pachifuwa mkati mwa jekete, mphepo sidutsa. Ino yomwe ikhoza kugwira ntchitoyo, bola muyambe mwawerenga. Valani magolovesi ndi nsapato zotseka. Chisoti chikhale chophimba mutu wonse ndi chibwano, cha galasi kumaso, chokugwirani osagwedera, lamba womanga bwino. Chimenecho chidzathetsa misozi, kuwawa kwa khosi ndi tizilombo ta pa mano. Kathonje pang'ono m'makutu kamachepetsa phokoso la mphepo, ndipo hutala mudzaimvabe. Phokoso limatopetsa kuposa mmene anthu amaganizira.

Mwanena kuti munagwira mahandulo ndi mphamvu zanu zonse, manja osapinda. Apo ndiye munaithandiza mphepo. Manja akauma, mphepo iliyonse yokumenyani pachifuwa imadutsa m'manjamo n'kukafika ku wilo lakutsogolo. Njinga imagwiridwa ndi mawondo. Panani thanki ndi mawondo, weramirani kutsogolo pang'ono, pindani zigongono, ndipo mahandulo muwagwire mofewa ngati mwagwira dzanja la mwana powoloka msewu. Akayamba kunjenjemera musalimbane nawo ndipo musaponde buleki mwadzidzidzi, ingochepetsani moto pang'onopang'ono mpaka akhazikike.

Thiraki mumaiona ikadali kutali, choncho isakudzidzimutseni. Chepetsani liwiro isanafike, sunthirani cha kumanzere koma osatsikira m'dothi la m'mphepete, weramani pang'ono, ndipo yang'anani kutsogolo kumene mukupita, osati thirakiyo. Idzakukankhani, kenako idzakukokani, ndipo zikatero zatha. Musamayendenso mounjikana ndi minibasi kapena thiraki kumbuyo kwake, kumeneko mphepo imazungulira ndipo simuona maenje. Njinga yanu ndi yaing'ono, musaipikisanitse ndi mabasi. Yendani pa liwiro limene mapewa anu ali omasuka, nyamukani m'mawa mphepo isanakule, ndipo pa Lumbadzi muime mwa kufuna kwanu, muwongole miyendo ndi kugula nthochi.

Galasi lalikulu limene mukufunalo musalifunenso. A Lajabu ndi mmisiri, zidebe zawo sindikuzikayikira, koma chinthu chachikulu chomangirira ku mahandulo chimapatsa mphepo chiwongolero, ndipo mwaona kale kumene mphepo imakonda kupita. Mukadzapeza kagalasi kakang'ono kopangidwira njinga ya mtundu wanu, kongophimba pamwamba pa nyali, kamachotsako mphepo pachifuwa ndipo ndi kabwino. Koma ngakhale popanda iko mukafika ku Mponela.

Zonsezi ndi theka chabe la yankho. Theka linalo munalilemba nokha m'kalata yanu, kenako n'kunena kuti mwangolitchula. Bambo G.C., akazi anu akukwera njinga yamoto ngati yakapalasa. Kukhala chammbali ndi ulemu pa kaliyala wa njinga yoyenda pang'onopang'ono popita ku chigayo. Pa M1 ndi ngozi. Thupi lawo lonse limalemera mbali imodzi, mapazi alibe popondera pawiri, mphepo imawamenya m'mbali, ndipo thiraki ikadutsa inu mumapendekera kwina iwo kwina. Njinga imakhala ndi madalaivala awiri osagwirizana. Mukadzaponda buleki mwamphamvu tsiku lina, dzanja limodzi la pa kaliyala silidzawagwira. Ndikuuzeninso kuti nsonga ya chitenje ikalowa mu tcheni, nkhani yake sikhala yoseketsa ngati ya lata.

Ayenera kukhala moyang'ana kutsogolo, mwendo uku mwendo uku, mapazi onse pa zopondera, atakufikani pafupi, manja awo ali m'chiuno mwanu. Mukapendekera, apendekere nanu. Mukatero mumakhala katundu mmodzi, ndipo mudzadabwa mmene njinga idzakhazikikire.

Ndikudziwa chimene adzanene, chifukwa anakuuzani kale, ndipo si nkhani yopepuka. Mayi amene analeredwa kuti mwamuna wake samugwira pagulu, ndiponso kuti mayi satangadza miyendo pa njinga, sasintha chifukwa choti nyuzipepala yanena. Inu munalakwa kuisiya nkhaniyo pa tsiku loyamba. Musawalamule, ndipo musawauze kuti vuto ndi iwo, chifukwa matayala munaphwetsa ndinu. Yambani mwakonza zanu zonse, aone kuti mwasintha. Kenako mukhale nawo pansi muwafunse chimene chimawachititsa manyazi kwenikweni, kavalidwe kapena maso a anthu.

Ngati ndi kavalidwe, yankho ndi thalauzi mkati, chitenje pamwamba chokulunga mothina, nsonga zake zopisira bwino. Potsika amangochikonza, ndipo amalowa pa chinkhoswe ali mayi wa ulemu wake. Ine ndinkayenda nthawi imene thalauzi kwa mayi linali mlandu, ndipo ndinkavala kabudula wa amuna anga mkati mwa siketi. Mafumu onse a ku Ntchisi ankandilandira ndi ulemu, palibe anadziwa. Ngati ndi maso a anthu, agulireni chisoti chenicheni chophimba nkhope yonse. Chachikasu cha kuntchito chija sichiteteza mutu pamsewu, ndipo n'chifukwa chake chinatsika chokha. Mkati mwa chisoti chotseka, ngakhale amayi a kumpingo sangadziwe kuti wadutsayo ndi ndani. Akadziwa, auzeni kuti ndi malangizo a Aphungu, abwere adzandifunse ine.

Musadikire tsiku la chinkhoswe kuti muyese. Yambani pa bwalo la mpira m'mawa kulibe anthu, muzungulire pang'onopang'ono, azolowere kukwera, kutsika ndi kupendekera. Kenako kaulendo ka ku Kanengo, kenako mpaka pa mphambano ija ya ku bwalo la ndege, mukapereke moni kwa mwini munda. Mugwirizane chizindikiro, akakutsinani kawiri ndiye kuti chepetsani, ndipo muzichepetsadi popanda kufunsa chifukwa. Mwati mukuopa kuti asiya kukukhulupirirani. Chikhulupiriro chimenecho chidzabwerera pa katsinidwe koyamba kamene mudzamvere.

Akakanitsitsa kukhala moyang'ana kutsogolo, musawakweze pa M1, ngakhale atavomera kukwera chammbali, ngakhale zitatanthauza kuti a Abdullah apambana. Minibasi si chamanyazi, ndipo njinga ina mukhoza kudzagula. Mayi a Rejoice ndi amodzi okha.

Koma ine sindikuganiza kuti adzakana. Mayi amene anakhala pa njinga yonjenjemera kuchoka ku Lumbadzi mpaka ku Mponela akuimba nyimbo ya kumanda, osakuuzani kuti imani nditsike, si wamantha. Mayi amene amasankha mpando wa kumbuyo mu minibasi, wa fumbi ndi wodumphitsa, kuti azikuonani pa zenera, sanasiye kukukhulupirirani, akungoopa kukutayani. Muwauze kuti mu Lilongwe monse muno, njinga yamoto ndi malo okhawo amene mayi angakumbatire mwamuna wake dzuwa likuswa mtengo, kuyambira Kanengo mpaka Mponela, apolisi a pamsewu n'kumuyamikira kuti wakhala bwino. Pa njinga yakapalasa paja anagwira masipuling'i a chishalo chifukwa munali musanakwatirane. Tsopano muli ndi ana atatu, akhoza kugwira mwini njinga.

Chenjezo langa lomaliza ndi la inu, bambo. Mukadzamva manja amenewo akuzungulira m'chiuno mwanu koyamba, mudzafuna kucheuka kuti muwaone nkhope. Musacheuke. Maso pamsewu mpaka pakhomo pa apongozi, mukacheukire kumeneko.

Aphungu